La Traviata: Mkazi “Wosocera” ndi Mkulu wa Mau Okoma

Tsiku limenelo linali Ciweru, malaiti atapita kuyambira m'mawa, ndipo pa tebulo panali mulu wa mabuku a ana a Giredi 11 oyembekezera kucongedwa. M'malo motenga bolopeni yofiira, ndinatenga foni. Ndinali kufunafuna nyimbo yoti ndikaphunzitse kwaya ya kusukulu, koma YouTube inandiponyera cina. Ndinaona mkazi wakuda, atavala zovala za masiku ano, akuimba m'Citaliyana pa siteji ya ku Paris. Dzina lake ndi Pretty Yende, wa ku South Africa, ndipo sewero linali La traviata, la Giuseppe Verdi. Ndinati ndimvere mphindi ziwiri cabe. Bandulo inatha, ndinagula ina, ndinafunafuna mpaka ndinapeza sewero lonse, ndipo mabuku aja anagona osacongedwa.

Ndidziwa zimene ena a inu mwayamba kale kunena: opera ndi ya azungu ndi apamwamba a ku Kabulonga, ife a m'komboni itikhudza pati? Inenso ndinali kuganiza conco. Koma pakati pa seweroli pali mphindi pafupifupi 20 zimene zinandicititsa manyazi, cifukwa ndinadziona ndekha pa siteji, ndipo sindinali munthu amene oonerera amamumvera cisoni. Kucokera tsiku limenelo ndamvera ndi kuonerera La traviata ya oimba osiyanasiyana, ndipo ndafika pokhulupirira kuti mphindi 20 zimenezi ndiye muyeso woyesera gulu lililonse limene lionetsa seweroli.

Kwa amene sanaonepo, opera ndi sewero limene mau onse amaimbidwa. Inayambira ku Italy ca m'ma 1600. Oimba alibe maikolofoni. Mau ao ayenera kupitirira gulu lalikulu la mavayolini, zitoliro ndi malipenga, n'kukafika kwa munthu wokhala pa mpando wakumbuyo. Ngati munaimbapo kwaya, mitundu ya mau muidziwa kale. Mu La traviata mkazi ndi soprano, mnyamata ndi tenor, ndipo atate a mnyamatayo ndi baritone, mau a pakati pa tenor ndi bass.

Nkhani yake

Violetta Valéry ndi mkazi wa ku Paris amene akhala moyo wapamwamba ndi ndalama za amuna olemera. Si wa pamsewu. Ali ndi nyumba yabwino, wanchito, ngolo ndi akavalo. Koma onse amene amadya pa mapwando ake adziwa kumene ndalamazo zicokera, ndipo palibe amene angamutengere kwa makolo ake. Ali ndi cifuwa cacikulu, TB, matenda amene nthawi imeneyo analibe mankhwala. Pa phwando lina, mnyamata wa banja lolemekezeka la ku Provence, Alfredo Germont, amuuza kuti wakhala akumukonda kwa caka cathunthu. Violetta ayamba waseka, kenaka amupatsa duwa kuti adzabwere nalo likafota.

M'gawo laciwiri awiriwa akhala pamodzi kwa miyezi itatu m'nyumba ya kunja kwa mzinda. Alfredo ali pa cimwemwe, ndipo sadzifunsa kuti amene akulipira zonsezi ndani, mpaka wanchito Annina amuululira kuti Violetta akugulitsa katundu wake. Alfredo athamangira ku Paris kukafuna ndalama. Ali komweko, atate ake, Giorgio Germont, afika pakhomo. Apempha Violetta kuti amusiye mnyamatayo, cifukwa mlongo wake wa Alfredo ali pafupi kukwatiwa, ndipo mwamunayo adzabwerera m'mbuyo ngati manyazi awa sacoka pa banja. Violetta avomera. Alemba kalata, n'kubwerera kwa mwamuna wolemera amene anali kumusunga kale, Baron Douphol. Alfredo, posadziwa cifukwa cake, amutsatira ku phwando la Flora, apambana njuga, aitana alendo onse, n'kumuponyera ndalama pamaso pao kuti aone kuti wamulipira.

M'gawo lomaliza Violetta ali gone pa bedi. Ndalama zatsala pang'ono, anzake a mapwando kulibe, ndipo pamsewu anthu akusangalala pa cikondwerero ca Carnival. Atate aja aulula zoona kwa mwana wao. Onse awiri afika kudzapepesa, koma afika kudzaona mmene akutsirizikira.

Liu lakuti traviata limatanthauza mkazi amene wasocera, kapena amene wasoceretsedwa. Sewero lonse lili pakati pa matanthauzo awiriwa.

Zovala zimene Verdi anakanizidwa

Violetta sanangopekedwa. Ku Paris kunali mkazi wochedwa Marie Duplessis, wobadwa mu 1824 ku Normandy m'banja losauka. Anafika mumzinda ali kamtsikana, anachuka pakati pa amuna olemera, ndipo anamwalira ndi TB mu February 1847 ali ndi zaka 23. Katundu wake anagulitsidwa pa okishoni kuti alipire nkhongole, ndipo anthu olemekezeka anakhamukira kukaona zipinda za mkazi amene sakanamupatsa moni ali moyo. Mmodzi mwa amene anakondana naye anali wolemba wacinyamata, Alexandre Dumas wamng'ono. Iyeyu analemba buku la La Dame aux camélias mu 1848, ndipo mu February 1852 nkhaniyo inaonetsedwa ngati sewero ku Paris.

Nthawi imeneyo Verdi anali ku Paris komweko. Iye anabadwa mu 1813 m'mudzi wa Le Roncole pafupi ndi Busseto. Mkazi wake woyamba, Margherita Barezzi, anamwalira mu 1840, ana ao awiri atafa kale ali aang'ono. Pambuyo pake Verdi anayamba kukhala ndi woimba wochedwa Giuseppina Strepponi, amene anali atabereka ana asanakwatiwe. Anakhala pamodzi popanda ukwati mpaka 1859, ndipo anthu a ku Busseto anali kumusala mkaziyo, ngakhale m'chalichi. Sindinena kuti Violetta ndi Strepponi. Miyoyo yao isiyana kwambiri. Koma munthu amene anapeka nyimbo za Germont anali atamva ndi makutu ake mmene anthu abwino amalankhulira za mkazi amene samufuna.

Verdi ndi wolemba mau wake, Francesco Maria Piave, anafuna kuti oimba avale zovala za nthawi yao, zofanana ndi za anthu okhala m'mipando. Akuluakulu a nyumba ya masewero ya La Fenice ku Venice anakana. Nkhani inabwezedwa m'mbuyo kufika ca m'ma 1700, oimba n'kuvala mawigi ndi majasi a makolo akale. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Ngati amene akuponyera mkazi ndalama wavala ngati agogo a agogo ako, uonerera mtima uli m'malo. Ngati wavala jekete yonga yako, uyamba kuyang'ana pansi.

Sewero linaonetsedwa koyamba pa 6 March 1853, pasanathe miyezi iwiri kucokera pamene opera ina ya Verdi, Il trovatore, inayamba ku Rome. Silinayende bwino. Fanny Salvini-Donatelli, amene anaimba Violetta, anali ndi zaka 38 ndi thupi lodzaza. Anthu anamuombera m'manja m'gawo loyamba cifukwa anali katswiri, koma sanakhulupirire kuti mkazi wathanzi conco akufa ndi cifuwa. Amuna awiri aja sanaimbe bwino m'gawo laciwiri, ndipo Felice Varesi, amene anaimba Germont, anaona kuti mbali imene anapatsidwa inali yosayenera ukatswiri wake. Verdi analembera anzake kuti zalephereka. Anakonzako zina, makamaka m'gawo laciwiri, ndipo pa 6 May 1854 sewero linabwerera ku Venice komweko, pa Teatro San Benedetto, Maria Spezia akuimba Violetta. Ulendo uno anthu analira ndi kuomba m'manja. Koma mawigi anali pomwepo, ndipo panapita zaka zambiri oimba asanaloledwe kuvala monga Verdi anafunira. Litafika ku London mu 1856, nyuzipepala ya The Times inalidzudzula kuti n'lonyansa, anthu n'kudzazabe m'nyumba ya masewero. Lero ndi imodzi mwa maopera amene amaonetsedwa kwambiri pa dziko lonse.

Mau atatu m'khosi limodzi

Odziwa opera amakonda kunena kuti Violetta afuna masoprano atatu. M'gawo loyamba mau ayenera kuthamanga, kudumpha ndi kukwera pamwamba kwambiri, cifukwa mkaziyo akudzinamiza kuti cikondi sacifuna, afuna zosangalatsa cabe. Pansi pa mauwo pamamveka kugunda katatukatatu kwa gule wa waltz, gule wa mapwando a nthawiyo. Ndipo pamene ali yekha akudzilimbitsa mtima, mau a Alfredo amveka capatali kunja kwa zenera, iye n'kukweza mau ake kuti awaphimbe. M'gawo laciwiri afunika mau olemera, otha kunyamula ululu. M'gawo lacitatu afunika mau opyapyala ngati ulusi, koma ofika kumbuyo kwa holo. Pali pena pamene aleka kuimba, n'kuwerenga kalata ya Germont ndi mau olankhula, vayolini ikuliza pang'onopang'ono nyimbo imene Alfredo anamufunsira nayo.

Maria Callas anaimba Violetta ku La Scala, Milan, mu 1955, sewero litakonzedwa ndi Luchino Visconti, Carlo Maria Giulini akutsogolera oimba. Zimene tili nazo ndi mau cabe, ojambulidwa m'holo momwemo, ndipo amveka akale, aphokoso. Mau a Callas si osalala; pena amanjenjemera pamwamba. Koma mvetserani pamene akugonja kwa Germont. Amacepetsa mau mpaka kutsala kampweya, ndipo umamva kuti munthu wathyoka pamenepo. Alendo atapita m'gawo loyamba, Visconti anamuuza kuvula nsapato n'kuzitaya uko, monga acitira mkazi aliyense wotopa akatseka citseko. Ena anaona ngati n'kupeputsa opera. Kwa ine, nsapato zija zinacita zimene Verdi anakanizidwa mu 1853.

Mu 2005 ku Salzburg, Willy Decker anacotsa pafupifupi zonse pa siteji. Panatsala cipupa coyera cokhota, nkoloko yaikulu, ndi Anna Netrebko atavala diresi yofiira pakati pa khamu lovala masuti akuda, amuna ndi akazi omwe. Dokotala akhala pambali kuyambira paciyambi, kumuyang'ana ngati imfa. Ndi sewero lamphamvu, ndipo Netrebko ndi Rolando Villazón amaimba ngati anthu amene akondanadi. Koma nkoloko ija imanena cinthu cimodzi usiku wonse, kuti mkaziyu nthawi yamuthera. Ikuika mlandu pa matenda, pamene Verdi anauika pa anthu.

Ndiye pali Pretty Yende. Anabadwa mu 1985 ku Piet Retief, m'cigawo ca Mpumalanga, ndipo anakulira m'nyimbo za m'chalichi monga ambiri a ife. Opera anaimva koyamba ali ndi zaka 16, pa kanema wotsatsa malonda a British Airways pa TV. Anaphunzira ku University of Cape Town, kenaka ku sukulu ya oimba ya La Scala, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku London. Mu 2019 anaimba Violetta ku Palais Garnier ku Paris, Benjamin Bernheim akuimba Alfredo, m'sewero lokonzedwa ndi Simon Stone. Gawo loyamba ndi lake ndithu. Mau ake ndi owala, amathamanga mosavutikira, ndipo amaseka ndi thupi lonse ngati munthu amene anazolowera makamera. Poyamba ndinaopa kuti mau owala conco sadzatha kunyamula imfa. Anainyamula, osati ndi kulemera kwa Callas, koma ndi kudabwa kwa munthu wacinyamata amene sakhulupirira kuti thupi lake lamukana.

Mphindi 20 zija

Tsopano tiyeni tikhale pansi ndi mkulu uja. Germont alowa mwaukali, akuganiza kuti wapeza mkazi amene akudya cuma ca mwana wake. Violetta amukumbutsa mwaulemu kuti ali m'nyumba ya mwini, n'kumuonetsa mapepala ogulitsira katundu. Mkuluyo aona kuti analakwitsa. Munthu wina akanapepesa n'kupita. Iye asintha mau cabe. Ukali utha, ndipo ayamba kuimba nyimbo yofewa, yoyenda mwadongosolo, yonena za mwana wake wamkazi wosalakwa. Mizere yake ndi yolingana bwino ngati ya nyimbo ya m'chalichi. Ukaimva kamodzi ungaiimbe. Violetta ayankha ndi mau oduladula, ngati munthu wobanika. Anena kuti akudwala, kuti alibe wina aliyense. Mkuluyo sakweza mau. Amuuza kuti amuna amasintha, kuti kukongola kumatha, kuti cikondi copanda dalitso la ukwati sicikhalitsa. Zonsezi Violetta azidziwa kale, ndipo n'cifukwa cake zimulasa. Akagonja, aimba motsitsa kwambiri, kupempha kuti mtsikanayo akauzidwe kuti pali wina amene anadzipereka cifukwa ca iye. Mkuluyo amulimbikitsa kuti alire, amuyamikira, amulonjeza mphoto ya kumwamba. Violetta apempha kuti amukumbatire ngati mwana wake.

Taonani zimene Verdi anacita. Nyimbo zokoma, zokhazikika, zaulemu anazipereka kwa munthu amene akuononga moyo wa mnzake. Ngati woimba Germont akuwa ndi kutulutsa maso ngati mfiti ya m'filimu, oonerera amamuda, n'kubwerera kwao ali oyera. Ku Salzburg, Thomas Hampson ndi wouma ndi woopsa, ndipo kwa ine zimenezi zimapeputsa mlandu, cifukwa palibe amene amadziona mwa munthu wotero. Mu 1955 Ettore Bastianini anaimba ndi mau okongola, odzaza, osagwedezeka, Callas akusweka pambali pake. Germont wotero ndiye woona. Ndidziwa cifukwa ndinakhalapo iyeyo.

Zaka zingapo zapitazo mng'ono wanga anayamba kukhala ndi mkazi wina ku Kanyama. Mkaziyo anali wamkulu pang'ono kwa iye, anali ndi mwana mmodzi, ndipo kale anagwirapo nchito mu bala. Nthawi imeneyo anali atasiya, akugulitsa salaula. Mlongo wathu anali atafunsiridwa ndi mwana wa mkulu wa mpingo, ankhoswe atayamba kale kuyenda, ndipo mau anafika kwathu akuti akucimuna akufunsa za khalidwe la banja lathu. Amai anandiitana.

“Iwe ndiwe wophunzira, udziwa kulankhula,” anatero. “Amalume ako akapita adzangokalipa. Pita ukakambe naye bwinobwino.”

Ndinasankha nthawi imene mng'ono wanga anali ku nchito. Mkaziyo anandilandira ndi manja awiri. “Alamu, lowani. Mwadya?” Anagwada pondipatsa madzi. Sindinakalipe ngakhale pang'ono. Ndinamuchula kuti mlamu. Ndinamuyamikira kuti nyumba ndi yaukhondo. Ndinamuuza za mlongo wathu, mtsikana wabwino amene sanalakwe kanthu. Ndinati mng'ono wanga akali mwana, mawa adzaona wina, ndipo amene adzavutike ndi iyeyo. Ndinachulako ndi Mulungu yemwe. Anandimvera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

“Nanga ine, alamu, mukuti ndipite kuti?”

Ndinayankha bwino kwambiri. Digiri yanga inagwira nchito tsiku limenelo. Anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, “Mukawauze amai kuti ndamva.”

Pasanathe mlungu anacoka, osauza mng'ono wanga cifukwa cake. Pambuyo pake ndinamva kuti ndalama zimene mnyamatayo anaphunzirira kuyendetsa galimoto zinacokera m'salaula uja. Mlongo wathu anakwatiwa, ndipo ukwati wake ndi wabwino. Amai amandiyamikira mpaka lero. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo kuti ndinalakwa. Timati mau a akulu akoma akagonera, ndipo kwa banja lathu anakomadi. Koma sindinadzifunsepo kuti anamukomera bwanji iye uja, kufikira tsiku limene baritone wina anaimba m'foni yanga ndi mau anga enieni.

Pamene Simon Stone anaphonya

Stone anacita zimene Verdi anafuna, kubweretsa nkhani m'nthawi ya oonerera. Violetta wake ndi mkazi wochuka pa intaneti, wokhala ndi omutsatira ambirimbiri. Mauthenga a pa foni amaonekera pa masikirini akuluakulu, pamodzi ndi makalata a kubanki ndi zotsatira za kucipatala. Zina mwa izi zimagwira mtima, makamaka kuona nkhongole zikukwera pamene mnyamata akuimba za cimwemwe cake. Koma pali zinthu ziwiri zimene anasintha, ndipo zonse ziwiri zimafooketsa mphindi 20 zija.

Coyamba ndi ukwati wa mlongo. Stone anaona kuti ku Paris ya lero palibe amene angathetse ukwati cifukwa ca cibwenzi ca mlamu wake, ndiye anapanga mwamuna wa mlongoyo kukhala kalonga wa ku Saudi Arabia. Pamenepo mlandu wacoka m'nyumba ya oonerera, wapita kwa anthu akutali amene mwambo wao ndi wosavuta kuuloza cala. Amenewo ndi mawigi a 1853 amene abwera m'maonekedwe ena. Ife kuno kalonga sitimufuna kuti timvetse. Mwana wa mkulu wa mpingo akwanira.

Caciwiri ndi matenda. Stone anasintha TB kukhala khansa. Cifukwa cake cimveka: kacirombo ka TB kanapezeka ndi Robert Koch mu 1882, mankhwala anayamba kupezeka m'ma 1940, ndipo lero munthu amacira akamwa mankhwala kwa miyezi 6. Koma wodwala khansa anthu amamumvera cisoni, samunong'ona. Ife tidziwa zimene zimanenedwa pa mpopi mkazi amene anagwirapo nchito mu bala akayamba kutsokomola ndi kuonda. Anthu amagamula mlandu dokotala asanapime. Manong'onong'o amenewo ali m'mafupa a La traviata, ndipo ukawacotsa umatsala ndi nkhani ya tsoka cabe.

Pamene Verdi yemwe andivuta

Sindifuna kuti muganize kuti seweroli ndi lopanda banga. Kuti timumvere cisoni, Violetta ayenera kukhala wabwino kuposa munthu aliyense amene ndinakumanapo naye. Agulitsa zake zonse. Pa tindalama timene tatsala, auza Annina kuti theka akapatse osauka. Akhululukira amene anamunyoza, ndipo ali pafupi kufa apatsa Alfredo cithunzi cake, n'kumuuza kuti akapeza mtsikana wabwino amukwatire. Funso langa ndi ili: akanakhala wamwano, akanamuthira madzi Germont n'kumupitikitsa, kodi pempho la mkuluyo likanakhala lolungama? Mkazi sayenera kukhala mngelo kuti asacotsedwe m'nyumba yake. Ndiponso imfa yake imathandiza aliyense. Atate alira, mwana alira, oonerera alira, ndipo palibe amene ayenera kuyankha funso lovuta lakuti akanacira, kodi akanamulandira pa ukwati wa mlongo uja? Mlongoyo sitimuona n'komwe, ngakhale dzina alibe. Palibe amene anamufunsa ngati afuna kuti ukwati wake ugulidwe pa mtengo wotero. Ifenso mlongo wathu sitinamufunse.

Komabe nyimbo zimakana kugona pansi monga mmene mau afunira. Violetta akamaliza kuwerenga kalata yopepesa, sayamika. Akuwa ndi mau owawa kuti zabwera mocedwa. Alfredo atafika, ayesa kuvala kuti apite kuchalichi kukathokoza, thupi likana, ndipo aphulika ndi mkwiyo wa munthu amene akufa ali wamng'ono. Pamenepo soprano wabwino saimba mokoma. Callas amaluma mau amenewo. Yende amawaponya ngati munthu amene waberedwa. Ngati woimba adutsapo mofatsa kuti asunge kukongola kwa mau, ndiye kuti waima kumbali ya Germont.

Mukafuna kuonerera

Sewero lonse litenga maola awiri ndi mphindi zocepa. Funani limene lili ndi mau omasulira pansi pa sikirini, ndipo ngati pali Wi-Fi pafupi, sungani bandulo yanu. Nyimbo ya pa phwando, imene amaimba atanyamula matambula a vinyo, mwina munaimvapo kale m'mafilimu kapena pa zotsatsa malonda. Isakunamizeni kuti sewero lonse ndi lotero. Mvetserani mavayolini a paciyambi penipeni, oonda ndi ozizira, ndipo muwakumbukire, cifukwa adzabweranso pa bedi la wodwala. Inu a m'makwaya, onani mmene oimba amasungira mpweya pa mzere wautali, ndi mmene mau otsitsa amamvekera kutali kuposa okuwa.

Koma mukafika pakati pa gawo laciwiri, mkulu wa jekete akagogoda, ikani foni pafupi ndi khutu. Musafunse ngati mkuluyo ndi woipa. Funsani kuti mau amenewo munawamva kuti, m'nyumba ya yani, ndipo anali kulankhula ndani. Ambiri a inu mukali aang'ono, ndipo mudzadziona mwa Alfredo kapena mwa Violetta. Koma mukuphunzira, ndipo tsiku lina ena a inu mudzakhala ndi mapepala, ndi nchito, ndi Cizungu cosalala. Pamenepo banja lidzakuitanani kuti ndinu odziwa kulankhula, mupite mukakambe naye bwinobwino.

Mng'ono wanga anatha caka cathunthu osandipatsa moni. Tsopano timalankhulana, koma nkhani ija sitinaikhudzepo. Mwezi watha ndinamutumizira gawo laciwiri pa WhatsApp, popanda kulembapo kanthu. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu usiku womwewo. Sanayankhe, ndipo ine ndikali kuyembekezera.